BC, Soweto ndi Njala ya Ophunzira a pa UNZA

Tikalawirira ku msika wa Soweto timakumana nawo: anyamata ndi atsikana a pa UNZA, zikwama kumsana, akunenerera kapenta, nyemba ndi matimati. Amasonkherana anayi kapena asanu kuti agule pamodzi poti kuno zinthu n'zotchipa. Nkhani ya chakudya chawo ndi yakale.

Yunivesiteyi inatsegulidwa mu 1966, dziko lili ndi ndalama za mkuwa, ndipo boma linkawalipirira ophunzira sukulu ndi chakudya. Mtengo wa mkuwa utagwa cha m'ma 1975, mbale inayamba kuchepa. Mu June 1990 boma la Kenneth Kaunda litakweza mtengo wa unga, ophunzira a pa UNZA anali m'gulu la oyamba kutuluka mumsewu, ndipo chipolowecho chinafalikira m'makomboni a Lusaka. Chaka chotsatira UNIP inagwa pa chisankho.

Ndalama ya chakudya ija ophunzira amaitcha BC, kuchokera ku dzina la Bursaries Committee imene inalowedwa m'malo ndi HELSB pansi pa lamulo la 2016. BC ikachedwa, mphika sukhala pamoto. Mu October 2018 ophunzira anachita zionetsero chifukwa cha kuchedwa kumeneku, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi kumahositelo, ndipo mtsikana wa chaka chachinayi anamwalira atabanika. Mu 2019 nduna ya maphunziro apamwamba, Nkandu Luo, inathetsa ndalamayi. Boma la Hakainde Hichilema linaibweza mu 2023, koma chilala cha 2024 chinakwezanso mtengo wa unga.

Ife amene tinadutsamo tikudziwa mmene njala imagwirira. Umadya kamodzi, madzulo. Masamba ndi zipatso ndizo zoyamba kusiyidwa, m'malo mwake tiyi ndi vitumbuwa. Usiku tulo sitibwera, m'kalasi mutu umawawa, ndipo manyazi amakuletsa kuimbira amayi kumudzi podziwa kuti nawonso nkhokwe yauma. Ena amadzitsekera m'chipinda, ena amathawira ku mowa. Chipatala cha Chainama chili pa Great East Road pomwepo, koma wophunzira wankhawa amaopa kuti anzake amutcha wamisala.

Tsono inu a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga amene muli ndi mwana wa m'bale wanu pa yunivesite, musangomufunsa za mayeso. Mufunseni chimene wadya lero, ndipo Lamlungu mumuitane kunsima.