Uzamba m'Malawi

Uzamba ndi luso lothandiza mayi woyembekezera kuyambira pamene waima kufikira atachira, iye pamodzi ndi khanda lake. Ndipo ntchitoyi ndi yakalekale, pakuti ngakhale buku la Eksodo litchula Sifra ndi Puwa, azamba amene anaopa Mulungu koposa Farao.

Kale m'midzi mwathu, matenda akayamba, amuna ankapatuka, ndipo mzamba, amene luso lake analiphunzira kwa make kapena kwa agogo ake, ndiye ankalandira mwana, nadula mchombo, nakwirira nsengwa. Pamenepo mayi ndi khanda ankabindikira m'chikuta kufikira mchombo utagwa, ndipo atatuluka mwanayo ankametedwa ndi kupatsidwa dzina. Komatu ngakhale amayi aulemuwa ankatumikira mokhulupirika, mwana akapingasa m'mimba, kapena mayi akataya magazi ambiri, kapena mankhwala a mwanamphepo akafulumiza matenda mpaka chiberekero kung'ambika, analibe pogwira, ndipo kumene kunayenera kumveka nthungululu kunkamveka maliro. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira.

Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 2007 boma linaletsa azamba akumudzi kubereketsa. Koma popeza zipatala zinali kutali ndipo ambiri anangoyamba kuchirira mobisa, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ndondomeko ya uchembere wabwino, mafumu monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu nalimbikitsa anthu awo kupita kusikelo ndi kukadikira kuchipatala, mwina nalipitsa mbuzi banja lochirira pakhomo. Pofika 2016, amayi 91 mwa 100 alionse ankachirira kuchipatala, ndipo imfa zija zinatsika kufika pa 439.

Masiku ano mzamba wa kuchipatala amaphunzira kusukulu ya unamwino, monga imene kale inkatchedwa Kamuzu College of Nursing, yotsegulidwa mu 1979, nalembedwa m'kaundula wa bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba. M'zipatala zina pambali pake paima dokotala wa banja, amene maphunziro ake apamwamba anayamba mu 2015 pachipatala cha Mangochi. Iyeyu, pokhala wodziwa matenda a mayi, a khanda ndi a nyumba yonse, ndi mmodzi mwa amene amaitanidwa pamene zavuta, kuti achite opareshoni pachipatala cha boma lomwelo, mayi asanatope ndi ulendo wopita ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Uchembere umayenda bwino pamene mzamba wa kumudzi, amene amayi amamuululira zakukhosi, aperekeza woyembekezera kuchipatala nthawi ikadalipo, mzamba wophunzira namulandira mwaulemu, ndipo dokotala, magazi ndi ambulansi zili pafupi.