Chikondwerero cholawa mowa wa sake ku Japan ndi nkhani ya matikiti

Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Mu Disembala 2024 bungwe lomweli lidali litavomerezanso luso lofulula mowa wa sake la ku Japan kuti ndi chikhalidwe choyenera kutetezedwa. Akuluakulu a boma amene akuganizira za alendo ofika kunsi kwa phiri la Chambe angaphunzire kanthu pa mmene Ajapani amayendetsera chikondwerero cholawa mowawu.

Sake ndi mowa wofululidwa ndi mpunga, madzi, yisiti ndi mtundu wina wa nkhungu wotchedwa koji, umene umasandutsa mpunga kukhala shuga. Ukali wake umakhala pafupifupi 15 peresenti. Ambiri amaufulula m'nyengo yozizira, kotero pofika Marichi mowa watsopano umakhala wapsa.

Chimodzi mwa zikondwerero zazikulu za mowawu ndi Niigata Sake no Jin, chomwe chidayamba m'chaka cha 2004 pokumbukira zaka 50 za bungwe la ofulula sake m'chigawo cha Niigata. Chigawochi chimalima mpunga wambiri ndipo chili ndi makampani ofulula sake ochuluka kuposa chigawo china chilichonse ku Japan. Okonza mwambowu adatengera chikondwerero cha Oktoberfest cha mumzinda wa Munich ku Germany. Umachitika masiku awiri m'mwezi wa Marichi mu holo ya Toki Messe, ndipo makampani pafupifupi 80 amabweretsa mitundu ya mowa yokwana ngati 500.

Wogula tikiti amalandira kakapu kakang'ono kolawira, n'kumayenda nako tebulo ndi tebulo. Amene wakonda mowa wa kampani ina amagula botolo pomwepo, ndipo apa ndi pamene ofulula aang'ono akumidzi amapezera msika. Malamulo a ku Japan salola munthu wosakwana zaka 20 kumwa mowa, pamene ku Malawi malire ndi zaka 18.

Kutchuka kudadzetsa vuto lake. M'chaka cha 2019 kudafika anthu pafupifupi 140,000 m'masiku awiri, mwakuti mizere idatalika ndipo muholo mudali kuthinana. Mu 2020 mwambowu udalephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19. Utabwereranso mu Marichi 2023, okonza adasintha zinthu: tsiku lililonse adaligawa magawo awiri, gawo lililonse lolowa anthu masauzande ochepa okha, ndipo matikiti onse ogulitsidwiratu tsiku lisadafike. Anthu adachepa kwambiri, koma okonza ankadziwiratu chiwerengero cha obwera ndi ndalama zolowa, ndipo mlendo ankapeza mpata wocheza ndi wofulula. Kuipa kwake ndi kwakuti wochedwa kugula amatsala kunja.

Ku Mulanje kulinso miyambo ya chaka ndi chaka yokoka anthu. Mpikisano wothamanga wa Porters Race, umene udayamba mu 1996, umayambira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula. Ku Chonde, bungwe la Mulhako wa Alhomwe lomwe malemu Bingu wa Mutharika adakhazikitsa mu 2007 limachititsa mwambo wake mu Okutobala, ndipo pamakhala kalongonda ndi mowa wachikhalidwe, umene Alhomwe amati otheka.

Kusiyana kwake kuli pa khomo. Holo ya Toki Messe ili ndi zitseko zowerengeka, pamene bwalo la pamudzi kapena njira yokwera phiri aliyense amalowera kumene wafuna. Komanso mwambo wa mtundu wa anthu ndi wa eni ake, amene sangakanizidwe kulowa chifukwa chosowa ndalama. Chimene chingatheke ndi kupatula malo amodzi otchingidwa olawirako zakumwa ndi zakudya za m'deralo, monga tiyi wa ku Mulanje, kumene alendo angalowe ndi tikiti yogulidwiratu, bwalo lalikulu n'kukhalabe lotsegukira onse.