Mphenzi

Mphenzi, imene ena amati mphezi, ndi magetsi amphamvu amene amalumpha kuchoka mumtambo kupita pansi kapena ku mtambo wina. Kuwala kwake timati ching'aning'ani, pamene kugunda kwake ndi bingu.

Mumtambo wa mvula, tizidutswa ta madzi oundana timakhulana mphepo ikamatikweza ndi kutitsitsa. Kukhulanako kumachititsa kuti maelekitironi aunjikane kunsi kwa mtambo. Akachulukitsa, amaboola mpweya n'kuutenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 30,000. Mpweyawo umafufuma mwadzidzidzi, ndiye phokoso la bingu lija.

Kuwala kumathamanga kuposa phokoso. Bingu likamveka patapita masekondi atatu ching'aning'ani chitawala, dziwani kuti mphenziyo yawomba pa mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi.