Mungu wa m'mapiri: zimene umaulula ndi zimene umabisa

Mungu ndi ufa uja umayoyoka ku ngayaye za chimanga, ku maluwa a mitengo ndi ku udzu. Mlimi amaudziwa bwino, chifukwa ukapanda kugwera pa ndevu za chimanga, chisononkho chimakhala chopanda maso. Koma mungu wochuluka sufika pa duwa ayi. Umagwera pamiyala, m'madambo ndi m'nyanja. Khungu lake ndi lolimba kwambiri moti ukakwiririka m'matope momwe simulowa mpweya, umakhala zaka zikwizikwi osawola.

Mungu wa banja lililonse la zomera uli ndi maonekedwe akeake, ndipo amaoneka bwino pa makina okulitsira tinthu ting'onoting'ono. Mu 1916, katswiri wa ku Sweden, Lennart von Post, anasonyeza kuti powerenga mungu wa m'matope akale, munthu angathe kudziwa zomera zimene zinalipo nthawi imeneyo.

Vuto ndi lakuti mungu sugwa mofanana ndi kuchuluka kwa zomera. N'chifukwa chake akatswiri amayamba ndi mungu wa lero. Amatchera zigubu zabowo pamwamba kuyambira m'tsinde mwa phiri mpaka pansonga, n'kuzisiya chaka chathunthu, kapena amatola ndere za pamiyala ndi matope a pamwamba. Pa malo aliwonse amawerenga timbewu ta mungu tokwana 300 kapena kuposerapo, kenako n'kuyerekeza ndi mitengo ndi udzu zimene zikumera pomwepo.

Zotsatira zake zimadabwitsa munthu wokulira m'nkhalango za miombo. Mombo ndi mchenga ndiyo mitengo yodzaza m'zitunda zathu, koma mungu wake umapezeka wochepa, poti umanyamulidwa ndi njuchi ndi tizilombo tina, ndipo mtengo wotere susowa kutulutsa wambiri. Ndiye katswiri akapeza mungu wa mombo wowerengeka chabe, amadziwa kuti nkhalango ili pafupi. Mtengo wa m'nkhalango zozizira za pamwamba pa mapiri wotchedwa Podocarpus umachita zosiyana: mungu wake ndi wambiri, uli ndi timatumba tiwiri ta mpweya, ndipo mphepo imaufikitsa kutali kumene kulibe mtengowo ngakhale umodzi. Paini wa m'minda ya mitengo amachitanso chimodzimodzi.

Phiri nalo limasokoneza. Masana dzuwa likatentha, mphepo imakwera kuchokera kuchigwa kupita pamwamba, itanyamula mungu wa kunsi. Choncho pansonga popanda mitengo pamapezeka mungu wa mitengo ya m'chigwa. Ngakhale zili choncho, akaika mitundu yonse pamodzi, magawo a phiri amazindikirikabe: nkhalango youma kunsi, nkhalango yobiriwira m'makhwawa a pamwamba, ndi udzu pathyathyathya.

Nanga minda? Mungu wa maudzu ambiri umafanana moti n'kovuta kuusiyanitsa, koma wa chimanga ndi waukulu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndiponso ndi wolemera. Wambiri umagwa m'munda momwemo kapena m'mphepete, ndiye ukapezeka m'matope ndi umboni woti panali munda chapafupi. Nyemba ndi mbatatesi siziuluzitsa mungu ndi mphepo. Wina atati aone ulimi wa ku Angónia ndi Tsangano kudzera mu mungu wokha, angaganize kuti kumeneko mbatatesi sizilimidwa n'komwe.

Akadziwa kupotoka konseku, ndi pamene amawerenga matope akale. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa nyanja ya Niassa, imene ku Malawi amati nyanja ya Malawi, n'kutulutsa matope akuya pafupifupi mamita 380, osunga mbiri ya zaka zoposa 1 miliyoni. Mungu wa m'matopewo unaonetsa kuti nkhalango za m'mapiri ozungulira nyanjayi zakhala zikukula ndi kuchepa kambirimbiri motsatira mvula ndi kuzizira.

Nkhani ya mapiri a Nyika, kumpoto kwa Malawi, ndiyo ikukhudza kwambiri alimi a kumtunda. Kwa nthawi yaitali anthu ambiri ophunzira ankakhulupirira kuti pamwamba ponse panali nkhalango, ndipo kuti udzu unabwera chifukwa cha nkhwangwa ndi moto wa anthu. Kafukufuku wa Michael Meadows, wofalitsidwa mu 1984, anapeza kuti mungu wa udzu wakhala wochuluka m'madambo a pa Nyika kwa zaka pafupifupi 12,000, kalekale ulimi usanafike. Izi sizikuchotsa mlandu wa makala ndi moto wolusa, zomwe zikuthadi miombo ya kunsi masiku ano. Koma zikutanthauza kuti phiri la udzu si nthawi zonse pamene limakhala phiri lowonongeka, ndipo kudzala paini kapena bulugamu pa malo otere kungathe kuchepetsa madzi a m'madambo amene anthu amadalira pa ulimi wa kudimba.