Chitopa: kuchokera pa diso la agogo kufika pa makina a PCR

Agogo anga aakazi sankadikira dokotala kuti awauze kuti chitopa chalowa m'mudzi. Kwathu ku Nkando, ikafika Seputembala ndi Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ankalawirira kukaima pakhomo pa khola. Nkhuku ikatuluka itagwetsa mapiko, ikuodzera, chitosi chili chobiriwira, ankangoti, "Iyi yavala jekete, nolani mpeni." Ina inkapindika khosi n'kumazungulira pamalo amodzi. Mankhwala ake anali tsabola wosinja ndi phulusa m'madzi akumwa, koma pakutha sabata khola linkakhala lili mbee. Anthu ena ankathamangira kumsika ndi zotsalazo zili m'dengu panjinga, ndipo nthenda inkakwera nawo njinga yomweyo kupita kumudzi wina.

Diso la agogo linali lakuthwa, komabe linali ndi malire. Kwa iwo nkhuku iliyonse yofa mwadzidzidzi inali ya chitopa, chonsecho alipo matenda ena, monga chimfine cha mbalame, amene pakhola amaoneka chimodzimodzi.

Azungu nawonso anayambira pa diso. Nthendayi inadziwika m'chaka cha 1926 pachilumba cha Java komanso kufupi ndi mzinda wa Newcastle upon Tyne ku England, ndipo n'kumene kunachokera dzina lake lachingerezi. Kwa zaka zambiri, wofuna kutsimikiza ankadalira dzira. Ankatenga timadzi ta m'thupi la nkhuku yakufa, n'kutibaya m'dzira lofungatiridwa masiku 9 mpaka 11, n'kudikira kuti kachilombo kaswane. Kenako ankasakaniza madzi a m'dziralo ndi magazi a nkhuku kuti aone ngati aundana timibulu. Pofuna kudziwa ukali wa kachilomboko, ankakabaya mu ubongo wa anapiye a tsiku limodzi n'kuwayang'anira masiku 8. Taganizani, pofika tsiku lotuluka yankho, kumudzi nthenga zatha kale kuuluzika.

Ife kuno tinkadziwa mbali ina ya sayansiyi, ya nkhuku zakuda za Mikolongwe, zimene eni ake amati Black Australorp. Fakitale ya anapiyeyo ili ku Chiradzulu, m'mbali mwa msewu wa Midima womwewu umene umadutsa pa Nkando. Bambo anga anagulako tambala, mudzi wonse unabwera kudzamuona. Chitopa sichinamuope kukula kwake.

Zinthu zinatembenuka ndi njira ya PCR, imene Kary Mullis wa ku America anaitulukira mu 1983, n'kulandira nayo mphoto ya Nobel mu 1993. Ambirife tinalimva dzina la PCR nthawi ya Covid-19, atatilowetsa kathonje m'mphuno. Nkhuku nayo amaipukuta ndi kathonje kukhosi kapena kotulukira chitosi. Makina amachulukitsa kachidutswa ka majini a kachilombo mpaka kaoneke, ndipo yankho limatuluka m'maola ochepa. Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri n'chakuti akawerenga kamalo kamodzi pa jini yotchedwa F, amadziwa ngati kali kachilombo kolusa kapena kofatsa ngati ka mu katemera, popanda kupha mwanapiye ndi mmodzi yemwe. Amathanso kuona mtundu wake, n'kuuyerekeza ndi wa kwa anansi athu ku Mozambique kapena ku Zambia, n'kulondola kumene mliri wadzera. Chimfine cha mbalame cha H5N8 chitagwa ku Zimbabwe ndi ku South Africa mu 2017, njira zoterezi ndi zimene zinachisiyanitsa ndi chitopa.

Kumbali yoteteza nkhuku, katemera wa chitopa wa I-2, amene anakonzedwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia kuti azipirirako kutentha, amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Dontho limodzi m'diso la nkhuku, miyezi inayi iliyonse, basi.

Chimandipweteka n'chakuti pakati pa makina a PCR aja ndi khola la ku Nkando msewu ukadali wautali. Makina sangawerenge nkhuku imene yalowa kale mumphika. Abale anga a ku Nkando, nkhuku zikayamba kuvala majekete chaka chino, musazikweze panjinga. Itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo, muwasonyeze yakufayo isanawole, ndipo zamoyozo muzidzazidonthezera katemera mwezi wa Julaye usanathe.