Sapitwa, nsonga ya dzina lochenjeza

Nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi, ya mamita 3,002, ili ndi dzina loletsa. Sapitwa ndiye kuti kumeneko sikupitidwa. Makolo okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, ankati pamwambapo ndi pamudzi pa mizimu, ndipo wokwerapo mwachipongwe sabwerako. Mpaka lero akuluakulu amasimba kuti ukapeza chakudya chokonzakonza m'nkhalango ya phirili, udye wekha mwakachetechete osaitana mnzako, chifukwa eni phiri ndi amene akupatsa.

Chenjezo la makolo linali ndi maziko. Chiperoni chikawomba kuchokera ku Mozambique m'miyezi yozizira, nkhungu imameza njira m'kanthawi kochepa, matanthwe n'kuyamba kuterera, munthu osaonanso ngakhale mnzake amene ali patsogolo. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anakwera yekha ndipo sanapezekenso. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera komweko atasiya womuperekeza.

Komabe masiku ano ku Sapitwa anthu amapitako, ndipo mabanja ambiri a ku Likhubula amadyera pomwepo. Anyamata operekeza alendo ndi onyamula katundu amawadutsitsa pa Dziwe la Nkhalamba, kukawagoneka ku kanyumba ka Chisepo, m'bandakucha n'kuyamba kukwawa m'mipata ya miyala kufuna nsongayo.

Mitambo yomwe imaopseza okwera phiri ndi yomwenso imadyetsa boma lonse la Mulanje. Mvula yake ndiyo inathandiza mlimi wina, Henry Brown, kudzala tiyi ku Thornwood mu 1891, ndipo lero minda ya tiyi yabiriwira kuzungulira kumwera kwa phirili, amayi ndi abambo ali kalikiliki kuthyola masamba, madengu ali kumsana. Nanazi wa ku Mulanje ndi wosachita kufunsa, ndipo madzi a mtsinje wa Likhubula amamwedwa mpaka ku Blantyre.

Chomvetsa chisoni ndi mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera pa phiri lokhali. Nkhalango ya phirili inatetezedwa ndi lamulo mu 1927, koma ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa atsala pang'ono kumaliza mtengowu. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chimene linayamikira kwambiri ndi miyambo ndi ulemu umene anthu ozungulira amapereka kwa mizimu ya makolo awo pa phirili.