Tayala la kabaza ndi mkangano womwe unayamba agogo athu asanabadwe

Anzanga, munthu akafuna kukwera kabaza pa boma amayang'ana zinthu ziwiri: nkhope ya woyendetsa ndi mtengo womwe watchula. Ena ochepa amafunsa za chipewa. Koma woti awerame n'kuona tayala, ameneyo ndi wosowa. Chonsecho njinga yonse, katundu yense, iwe ndi woyendetsa, mumakhudza pansi pa timalo tiwiri tokha, ndipo kamalo kalikonse sikaposa kwenikweni kukula kwa chitupa cha unzika. Buleki, liwiro, kukhota, zonse zimadutsira pamenepo. Mbiri ya timalo timeneti ndi yaitali, ndipo dziko lathu lilimo.

Tiyambe ndi mawu akuti mpira. Lero tikati mpira timaganiza za Bullets ndi Wanderers, koma mawuwa amatanthauzanso utomoni wotanuka womwe makolo ankautenga ku ziyangoyango za m'nkhalango. Utomoni wotere ukakhala wosakonza ndi wovuta: kukatentha umamata ngati ulimbo, kukazizira umauma gwa. Tayala lake silikanatha ngakhale kufika pa Namiasi mwezi wa October. Yemwe anapeza mankhwala a vutoli ndi Charles Goodyear wa ku America, cha m'ma 1839, pomwe anaona kuti mpira ukaphikidwa pamodzi ndi sulufule umalimba koma osasiya kutanuka. Mu 1845 Robert William Thomson wa ku Scotland analembetsa nzeru ya tayala lopopa mpweya, koma anthu sanazilabadire. Zinadikira mpaka 1888, pomwe John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anapangira mwana wake matayala a mpweya pa kanjinga ka mawilo atatu. Vuto la tayala la Dunlop linali lakuti ankalimata ku limu, ndiye likaphwa inali ntchito ya maola. Mu 1891 abale awiri a Michelin ku France anatulutsa tayala lotheka kulichotsa n'kulibwezera, ndipo chaka chomwecho wopalasa njinga Charles Terront anapambana nalo mpikisano wochoka ku Paris kupita ku Brest n'kubwerera.

Chaka cha 1891 tikuchidziwa bwino ife a kuno, chifukwa ndi chomwe Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston m'mbali mwa Shire, moyang'anana ndi kwa Mponda. Pamene ku Ulaya ankapikisana pa matayala, kuno msewu unali madzi. Katundu ankabwera pa sitima, pamtunda ankayenda pamitu ya amtengatenga, ndipo bwana ankanyamulidwa pa machila. Tayala panalibe, koma njala ya matayala inafika. Njinga zitachuluka ku Ulaya, mpira unakwera mtengo kwambiri. Ku Congo ya mfumu Leopold II anthu ankakakamizidwa kutolera mpira, ndipo midzi yolephera kukwanitsa muyezo inkaphedwa kapena kudulidwa manja. Kuno ku Nyasaland zinthu sizinafike pamenepo, komabe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpira wa m'tchire unali m'gulu la katundu wamkulu wotumizidwa kunja. Anthu anautema mopanda kuganizira za mawa mpaka unasowa patangopita zaka zochepa. Kenako kampani ya African Lakes, ija ya Mandala, inadzala mitengo ya mpira ku Vizara ku Nkhata Bay, ndipo munda umenewu ulipo mpaka lero. Mukadzapita kumpoto kudzera msewu wa m'mbali mwa nyanja mudzaona anyamata akugulitsa mipira yoluka ndi utomoni m'mbali mwa msewu. Dziko lodzala mpira kwa zaka zoposa 100, koma matayala a njinga zathu amabwera kuchokera ku China ndi ku India. Izi ndazisiyira a kalabu ya mtsutso.

Matayala oyamba anali osalala ndiponso otuwa. Ankaterereka pakagwa mvula ndipo ankatha msanga. Mavuto awiriwa anawathetsa paderapadera. La kuterereka analiyamba ndi mizere: kampani ya Continental ya ku Germany inatulutsa tayala la galimoto lokhala ndi mizere mu 1904, ndipo mu 1908 a Firestone anaumba mawu akuti Non Skid patayala penipeni kuti zilembozo zizigwira msewu. La kutha msanga analithetsa cha m'ma 1910, atayamba kuthira mwaye wambiri mu mpira. Mwayewu ndi womwe unadetsa matayala, ndipo unachulukitsa kangapo moyo wa tayala.

Koma apa ndi pomwe panabadwira mkangano womwe sunathe mpaka pano. Tayala limagwira msewu chifukwa mpira wake umalowerera m'timabowo ta miyala ya tala. Mpira wofewa umalowa bwino, ndiye umagwira kwambiri, koma pochita zimenezo umasiya tizidutswa take pamsewu, ngati fufuta wa pensulo. Mpira wolimba umakhalitsa, koma sulowerera, ndiye pakona kapena pamadzi umakusiya. Ukawonjezera kugwira wachepetsa moyo, ukawonjezera moyo wachepetsa kugwira. Tayala lililonse lomwe lili pa shelefu, lotchipa kapena lodula, lili ndi pomwe wolipanga anaimira pakati pa ziwirizi, ndipo wogula akungovomereza chiweruzocho, akudziwa kapena ayi.

Anthu omwe mkanganowu unawafinya kwambiri ndi eni njinga zikuluzikulu zomwe azungu amazitcha sport touring, zija zothamanga koma zoyendera maulendo ataliatali, zomwe nthawi zina timaziona zikudutsa ndi alendo opita ku Cape Maclear. Iwowa amafuna zonse ziwiri: apendekere pakona ngati ali pa mpikisano, komanso achoke ku Johannesburg n'kubwerera osasintha tayala. Chifukwa ali ndi ndalama, makampani anawamvera. Tayala la radial, lomwe a Michelin analembetsa mu 1946 la galimoto, linafika ku njinga zamoto m'zaka za m'ma 1980 kudzera kwa a Pirelli ndi a Michelin omwewo. Silitentha kwambiri ndipo limakhala pansi mokhazikika. M'zaka za m'ma 1990 anayamba kuthiramo silika, ufa wochokera ku mchenga, womwe umathandiza kugwira pamsewu wonyowa popanda kufupikitsa moyo kwambiri. Nzeru yomwe imandisangalatsa ine ndi yachitatu. Anaona kuti njinga ikamayenda mowongoka imadya pakati pa tayala, ndipo m'mbali mumagwira ntchito pakona pokha. Ndiye anaika mpira wolimba pakati, wofewa m'mbali, tayala limodzi lomwelo. Michelin Pilot Road 2 ya mu 2007 ndi chitsanzo chodziwika. Mkangano sanauthetse, anangougawa malo.

Nanga ife? Matayala amenewo sakwana n'komwe pa njinga zathu, ndipo awiri okha akhoza kufanana mtengo ndi njinga yakale ya kabaza. Mbiri yathu inayenda njira ina. Kabaza anayamba ndi njinga yakapalasa yokhala ndi kampando kofewa kumbuyo, ndipo mpaka lero akadalipo pa boma. Zamoto zinadzachuluka m'zaka za m'ma 2010, pomwe njinga zotsika mtengo za ku China monga Lifan ndi Sanlg, komanso Boxer ya ku India, zinasefukira, zambiri zikulowera ku Mozambique. Ife a ku Mangochi sitikufunika kuuzidwa zimenezi, Chiponde ndi Mandimba ndi pakhomo. Mnyamata yemwe kale akanaganiza za ku Joni kapena za kukoka khoka anapeza njira yachitatu. Mayi woyembekezera wa kumudzi komwe minibasi siifika anapeza chomufikitsa kuchipatala. Ubwino umenewu palibe angaukane.

Vuto ndi lakuti njinga imodzi yomweyo imayenda m'misewu ya mibadwo iwiri pa tsiku limodzi. Uli ndi tala wa M3 wochokera ku Liwonde, womwe anaukonza zaka zapitazi n'kukhala wokoma kuthamangapo. Uli ndi M10 wopita ku Monkey Bay. Ukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi, womwe unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ukhoza kukwera phiri la ku Chowe kulowera ku Namwera, komwe makona ake amafuna tayala logwira m'mbali, makamaka potsika utanyamula. Koma ukhozanso kukhotera kumanzere kulowera kwa Makanjira, komwe anthu akhala akulirira msewu wabwino kuyambira kale, chilimwe mchenga ndi fumbi, dzinja matope ndi mitsinje yodzaza. Ndipo ngakhale pa tala, ukangopatuka kupita ku dooko kukatenga usipa, wayamba kale kusambira mumchenga.

Tayala la timano tikuluikulu, lija amati la m'thengo, limakumba mchenga ndi matope bwino. Koma pa tala mpira wokhudza pansi umachepa, njinga imanjenjemera, timano timadyeka mofulumira kukatentha, ndipo pa tala wonyowa silodalirika. Tayala la mizere yaing'ono limakoma pa tala koma m'matope mizere imadzaza n'kusanduka sopo. Ambiri amagula la pakatikati, ndipo ine ndikuona kuti kwa woyenda mbali zonse ndi chisankho chabwino. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kugula tayala pongofunsa funso limodzi, loti likhala miyezi ingati. Wogulitsa akati ili ndi chitsulo, silitha, akukuuza theka la nkhani. Theka linalo ukalimva pa mvula yoyamba ya November, pomwe fumbi ndi mafuta a chilimwe chonse zimayandama pamsewu.

Sindikunyoza a kabaza, ambiri ndi anzathu a m'kalasi, ena ndi mamembala a kalabu ino. Woyendetsa njinga ya bwana amayenera kupereka ndalama ya tsiku, kugula mafuta, kenako adye. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera, matayala omwe. Ndiye tayala limayenda mpaka ulusi kuonekera, ndipo bwana akapemphedwa latsopano amati dikira mwezi uthe. Koma ngati ndalama ndi ya tayala limodzi labwino, pali dongosolo lomwe limathandiza. Lakumbuyo limatha msanga chifukwa ndilo limakankha njinga ndi kunyamula katundu, choncho lolimba likhoza kukhala kumeneko. Lakutsogolo ndilo limawongolera ndipo limagwira gawo lalikulu la buleki. Lakumbuyo likaterereka, woyendetsa waluso nthawi zambiri amaibweza njinga. Lakutsogolo likaterereka pakona, muli pansi musanadziwe n'komwe. Chizolowezi chosiya tayala lotopa kutsogolo poti kumeneko kulibe katundu n'chotembenuza zinthu.

Pali mtsutso wina womwe umamveka pa siteji: akuti njinga za mpikisano pa TV zimayenda ndi matayala osalala, ndiye losalala ndiye logwira. N'zoona kuti zimayenda ndi osalala, koma amenewo ndi mpira watsopano, wofewa kwambiri, wochita kutenthetsa asananyamuke, pamsewu wosesedwa, ndipo amautaya mpikisano ukatha. Mvula ikagwa iwo omwe amasintha n'kuika a mizere. Tayala losalala chifukwa cha kutha ndi mpira wopyapyala, wouma ndi dzuwa, wopanda njira yotulutsira madzi. Limenelo lakubwezera ku 1903, Continental asanajambule mzere woyamba.

Chinanso chomwe chimadya matayala kuno ndi mpweya. Kuphwetsa pang'ono polowa mumchenga kumathandizadi, tayala limatambasuka n'kuyandama. Koma ukatuluka pa tala osapopanso, utakweza anthu awiri ndi dengu la nsomba, tayala limapindika mobwerezabwereza, limatentha, limadyeka m'mbali, ndipo chubu chimatha kuphulika. Onjezerani kutentha kwa Mangochi masana a October. Pampu ndi kachipangizo koyezera mpweya n'zotchipa kuposa tayala, koma ambiri timayeza ndi chala chachikulu basi.

Mbiri yomweyi inatisiyiranso zolemba pambali pa tayala, zomwe aliyense wofika Fomu 2 angawerenge. Manambala monga 2.75-17 kapena 3.00-18 akunena kukula: yoyamba ndi mulifupi mwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu, zonse m'mainchesi. Matayala ambiri ali ndi muvi wosonyeza komwe ayenera kuzungulira, ndipo amakanika othamanga amatha kuutembenuza. Zilembo za TWI kapena kachizindikiro ka makona atatu zikuloza kamtumbira kobisika mkati mwa mzere; mpira ukadyeka n'kufika pa kamtumbirako, tayala latha, ngakhale mwini njinga akane. Ndipo kuyambira chaka cha 2000, matayala okhala ndi chidindo cha DOT amathera ndi manambala anayi onena tsiku lobadwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. A Michelin amalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale mizere ikuoneka. Tayala lomwe lakhala likuwotchedwa ndi dzuwa pakhonde la shopu limatha kukhala nkhalamba lisanaponde msewu, ndipo timing'alu ta m'mbali timaulula.

Tayala likapuma ntchito kuno silitayidwa. Chubu timachidula malegeni omangira katundu ndi kulasira mbalame, tayala limasanduka nsapato, mpanda wa maluwa pasukulu, choseweretsa ana, kapena amalipachika pambali pa boti kuti lisagundane ndi linzake. Pa Loweruka lathu lokonza pabwalo tikufuna matayala akale oikira m'malire, ndiye amene ali ndi achimwene oyendetsa kabaza awauze kuti lija laoneka ulusi tikulilandira ndi manja awiri.